Kukwera chapa si mlandu

Amayi ndi abambo amene mukuwerenga tsamba lino, ndiyambe ndi nkhani imene ikundichititsa manyazi.

Mwezi watha ndinakwera chapa m'mawa kwambiri. Ndinkapita kukayendera aphunzitsi amene ndinawaphunzitsa ntchito chaka chatha. M'galimoto tinadzazana monga mwa masiku onse. Munali amayi a geni ndi madengu awo a tomato, agogo ena opita kuchipatala, anyamata awiri, ndi mayi wina wobereka mwana. Titayenda ola limodzi, anthu atatu ovala yunifolomu anaimitsa galimoto. Mmodzi anamenya chitseko n'kukuwa kuti, "Tsikani nonse, aliyense BI m'manja!"

Tinatsika n'kuima pamzere m'mbali mwa msewu. Sanatiuze chimene ankafuna. Sanatiuze ngati kwinakwake kunachitika zaumbanda. Anangoyamba kutsegula zikwama. Chikwama cha mayi wobereka mwana uja anachikhuthulira pansi. Panagwa chitenje, sopo, zovala zamkati ndi kabotolo ka mankhwala a kuchipatala. Mmodzi anatola kabotoloko, anakakweza m'mwamba, n'kufunsa m'Chipwitikizi kuti ndi mankhwala a chiyani. Mayiyo sanamve funso. Koma enafe tinakazindikira kabotoloko, ndipo ena mwa ife anali a m'mudzi mwake. Chinsinsi chimene ankadziwa iye ndi anamwino okha chinathera pamsewu, anthu onse akuona.

Mmodzi mwa anyamata aja anali ndi kapepala kosonyeza kuti akudikira BI yake, kamene timati talão. Anamuuza kuti aime pambali. Cobrador anamunong'oneza kuti, "Achimwene, apatseni refresco tizipita." Mnyamatayo analibe ndalama. Chapa inanyamuka, iye n'kutsala pomwepo. Nthawi yonseyi magalimoto atatu a anthu olemera anadutsa pamalopo, magalasi ali otseka, popanda wowaimitsa.

Nanga ine ndinachita chiyani? Palibe. Ndinaonetsa BI yanga, ndinakwera, ndinakhala chete. Ine yemwe amene ndimaphunzitsa ena za ufulu wa nzika. Bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi mmene zimakhalira." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa nkhani ino.

Chitetezo n'chofunika

Wina anganene kuti, "Aphunzitsi, mukufuna kuti pamsewu pasakhale wofunsa munthu?" Ayi, sindikutero. Dziko lathu likudziwa bwino kuopsa kwa msewu.

Amene tinakula nthawi ya nkhondo ya zaka 16 tikukumbukira. Magalimoto ochokera ku Cuchamano kudutsa ku Tete kupita ku Zóbuè ankayenda mondondozana, asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma m'chaka cha 2013 asilikali anayambanso kuperekeza magalimoto pa msewu wa EN1, pakati pa Muxúnguè ndi mtsinje wa Save, chifukwa mabasi ankawomberedwa. Ku Cabo Delgado zigawenga zinayamba kuukira pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo mabanja ambirimbiri anathawa m'midzi yawo.

Kuno kwathu ku Tete tili ndi chitsanzo chathu. M'mwezi wa Malichi 2020, pa sikelo ya magalimoto ya ku Mussacama, m'boma la Moatize, ogwira ntchito anaimitsa lole yochokera ku Malawi. Atatsegula kontena anapeza anthu 64 ochokera ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya. Anthu 14 anapezeka amoyo. Akanapanda kutsegula kontenayo, mwina nawonso akanafera m'njira.

Choncho kuimitsa galimoto kumapulumutsa moyo nthawi zina. Pali dalaivala woledzera, pali galimoto yopanda mabuleki, pali ozembetsa ana. Wapolisi amene wagwira anthu otere watithandiza tonse. Ine dandaulo langa lili pa kusecha kopanda chifukwa, kopanda ulemu, kosankha anthu osauka, ndiponso kothera m'thumba mwa wosechayo.

Tinadutsamo kale

Funsani agogo anu za kabuku kotchedwa caderneta indígena. Nthawi ya atsamunda, mwamuna wakuda ankayenda ndi kabuku kameneka. M'menemo ankalembamo za msonkho wake ndi za ntchito yake. Kuti achoke m'dera lake ankafunika chilolezo cha bwana wa boma. Wopezeka wopanda kabuku ankagwidwa ndi asilikali a atsamunda otchedwa sipaio, ndipo ambiri ankathera ku chibalo. Anthu ena a m'malire anathawira ku Nyasaland chifukwa cha zimenezi.

Tinalandira ufulu pa 25 Juni 1975, koma pepala la ulendo silinathe. Linabwera ndi dzina lina, guia de marcha. Bambo anga akafuna kukaona mchemwali wawo m'boma lina, ankayamba apita kwa mlembi wa m'mudzi kukapempha pepala. Ankafotokoza kumene akupita, chimene akukachita, ndi tsiku limene adzabwerere. M'chaka cha 1983 kunachitika Operação Produção. M'mizinda monga Maputo ndi Beira, anthu ankaimitsidwa m'misewu n'kufunsidwa BI, khadi la ntchito ndi khadi losonyeza kumene amakhala. Amene analibe ankatchedwa opanda ntchito. Anthu zikwizikwi anatumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kutali ndi mabanja awo. Ena sanabwererenso.

Nthawi zonsezi olamulira ankapereka chifukwa chomveka bwino m'makutu. Ankati n'zofuna bata, n'zofuna chitetezo, n'zofuna chitukuko. Koma amene ankavutika anali munthu wamba wopanda pepala.

Malamulo Aakulu a dziko a 1990 anatsegula njira kuti nzika iziyenda m'dziko lake momasuka, ndipo guia de marcha inasanduka mbiri yakale. Ufulu umenewu ndi waung'ono msinkhu kuposa ambiri a ife. Tisaganize kuti sungatayike. Palibe amene adzalengeze pa wailesi kuti guia de marcha yabwerera. Idzabwerera mwakachetechete, ife tikadzazolowera kutsika m'galimoto, kuima pamzere, kukhuthula zikwama ndi kupereka refresco popanda kufunsa. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Ufulu umene sitiugwiritsa ntchito umadyeka chimodzimodzi.

Zimene malamulo athu akunena

Malamulo Aakulu amene tikutsatira lero, Constituição da República, anavomerezedwa mu 2004 ndipo anakonzedwanso mu 2018. Anagawidwa m'ndime, zimene m'Chipwitikizi amati artigo. Ndikupatsani ndime zochepa. Zilembeni m'kope mwanu.

Ndime 55 imapatsa nzika iliyonse ufulu woyenda m'dziko muno, wotuluka kunja, ndi wokhala kulikonse kumene ifuna. Amene angaletsedwe kuyenda ndi yekhayo amene khoti lamuletsa.

Ndime 59 imati munthu samangidwa popanda kutsatira lamulo. Imatinso woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litagamula. Tsono ngati woimbidwa mlandu ali wosalakwa mpaka chigamulo, nanga inu amene mwangokwera chapa kupita kumsika?

Ndime 41 imateteza ulemu wanu, mbiri yanu ndi zinsinsi za moyo wanu. Matenda anu ndi chinsinsi chanu. Zovala zanu zamkati ndi chinsinsi chanu.

Ndime 68 imateteza nyumba yanu, makalata anu ndi mauthenga anu. Satsegulidwa pokhapokha pa zifukwa zimene lamulo latchula. Foni yanu ili ndi mauthenga a mwamuna wanu, a mwana wanu, a wokongoza ndalama. Munthu sangaiwerenge pamsewu chifukwa choti wangofuna kuona.

Ndime 35 ndi imene ndimaikonda kwambiri. Imati nzika zonse n'zofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana khungu, mtundu, chipembedzo, kumene munthu anabadwira, udindo wake, ngakhalenso maphunziro ake. Mwamva? Ngakhalenso maphunziro ake. Amene simunapite kusukuli muli ana muli ndi ufulu wofanana ndi wa dokotala kapena nduna.

Ndime imeneyi ikukhudza kwambiri ife a m'malire. Ambiri a inu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Mandimba mwandiuzapo kuti pamsewu munatchedwa alendo chifukwa choyankha m'chinenero chathu. Chipwitikizi ndi chinenero cha boma, n'zoona. Koma ndime 9 imalemekezanso zinenero za dziko lino monga chuma chathu. Kusadziwa Chipwitikizi sikuchotsa unzika wa munthu.

Kodi ufulu ulibe malire? Uli nawo. Ndime 56 imalola kuti ufulu uchepetsedwe pofuna kuteteza ufulu wa ena, koma zichitike kudzera m'lamulo. Tinaona chitsanzo nthawi ya matenda a Covid-19. Kuyambira pa 1 Epulo 2020 dziko linalowa mu estado de emergência, ndipo chiwerengero cha anthu okwera chapa chinachepetsedwa. Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza poyera, aphungu a Assembleia da República anavomereza, ndipo nthawi yake inali yowerengeka, masiku 30 pa ulendo umodzi. Tinavutika, koma tinkadziwa amene walamula, chifukwa chake, ndi tsiku loti zionedwenso. Tsono yerekezani ndi munthu amene wangoima pamsewu n'kupanga lamulo lake m'mutu, lopanda chifukwa ndiponso lopanda tsiku lothera.

Kusecha kotere sikuteteza munthu

Taganizani bwino. Ngati pamalo osechera munthu amadutsa akapereka meticais 50 kapena 100, ndani amene angalephere kudutsa? Wozembetsa katundu ali ndi ndalama. Wogulitsa mankhwala ozunguza bongo ali ndi ndalama. Amene amatsala m'mbali mwa msewu ndi mnyamata wa talão uja. Mpanda umene umatseguka ndi ndalama umaletsa nkhuku, fisi n'kumalowa.

Chachiwiri, chigawenga chenicheni sichikakamizika kukwera chapa. Chingathe kukwera galimoto ya magalasi akuda ija imene imadutsa osaimitsidwa. Ngati chitetezo chili chenicheni, chiyang'ane onse mofanana. Chikamayang'ana okwera chapa okha, ndiye kuti umphawi wasanduka chizindikiro cha umbanda.

Chachitatu, pali mtengo umene timalipira ife. Tomato amafika pamsika ataphwanyika, ogula atapita kale. Agogo amafika kuchipatala mzere utatalika, n'kuuzidwa kuti abwere mawa. Dalaivala amene wapereka refresco malo atatu amabweza ndalamayo powonjezera anthu m'galimoto ndi pothamanga kwambiri. Mayi amene mankhwala ake anaonetsedwa poyera akhoza kusiya kuyenda nawo pa ulendo, n'kumadumphitsa masiku omwera. Pamenepo kusecha kwaika moyo wake pangozi.

Chachinayi, apolisi amagwira bwino ntchito anthu akamawakhulupirira. Amene amaona mlendo wokayikitsa m'mudzi ndi inu. Amene amamva kuti mwana wa uje akufuna kumutengera kunja ndi inu. Koma munthu amene anachititsidwa manyazi dzulo sangapite ku esquadra lero kukanena zimene waona. Amangoti, "Zisandikhudze." Chipongwe cha pamsewu chimatseka pakamwa pa mboni.

Mafunso anayi

Mukaimitsidwa, dzifunseni mafunso anayi mumtima.

Loyamba: kodi amene wandiimitsayu ndi ndani? Wavala yunifolomu? Dzina kapena nambala yake ikuoneka?

Lachiwiri: kodi wandiuza chifukwa chake? Kufunsa BI n'chinthu china, kukhuthula chikwama n'chinthu china. Pamene akulowa mozama m'zinthu zanu, chifukwa chake chiyenera kukhala chachikulu ndi chomveka.

Lachitatu: kodi akuchita mwaulemu? Chikwama chingatsegulidwe pambali, mwiniwake akutulutsa yekha katundu. Mayi asechedwe ndi mayi mnzake. Munthu wamkulu asatchedwe "iwe" ngati mwana.

Lachinayi: kodi pali cholembedwa? Ngati akuti mwalakwa ndipo mulipire, payenera kukhala pepala losonyeza mlandu ndi ndalama yake. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu. Dziwaninso kuti malamulo athu amalanga wolandira chiphuphu ndi wopereka yemwe.

Mungachite chiyani?

Sindikukutumani kukalimbana ndi munthu wonyamula mfuti. Moyo wanu ndi wofunika kuposa kupambana mkangano. Ndime 80 imalola nzika kukana lamulo losemphana ndi malamulo a dziko, koma kukana kwanzeru kumachitika ndi mawu ofatsa, popanda kutukwana, kukankha kapena kuthawa.

Yendani ndi BI yanu. Ngati mukuidikira, sungani talão m'kapulasitiki kuti isanyowe. Ngati mulibe BI, pitani ku ofesi ya Identificação Civil mukayambe kuikonza, ndipo ana anu muwalembetse ku Registo Civil akadali aang'ono. Pepala limeneli limatseka pakamwa pa ofuna kukudyerani masuku pamutu.

Funsani mwaulemu kuti, "Pepani bwana, chifukwa chake n'chiyani?" Ngati simukumva Chipwitikizi, nenani kuti simukumva, ndipo pemphani wina m'galimotomo akumasulireni. Ngati muli ndi mankhwala kapena zinthu zachinsinsi, nenani kuti, "Ndikuonetsani, koma pambali." Musasaine kapena kudinda chala papepala limene simunawerenge kapena kuwerengeredwa.

Mukakwera m'galimoto, lembani tsiku, ola, malo, nambala ya chapa, ndi dzina limene munaona pachifuwa pa wosechayo. Apa ndi pamene cholembera chanu chili ndi mphamvu. Kale munkangoti, "Anandizunza tsiku lina pamsewu." Lero mungathe kunena kuti linali Lachitatu, 9 koloko m'mawa, pamalo akutiakuti. Dandaulo lotere n'lovuta kulitaya.

Ndime 79 imakupatsani ufulu wodandaula kwa akuluakulu a boma. Mungapite kwa mkulu wa apolisi wa m'boma lanu. Mungapite ku Procuradoria, ofesi imene imayang'anira kuti malamulo akutsatidwa. Ngati mulibe ndalama za loya, pali bungwe la boma lotchedwa IPAJ limene limathandiza anthu osauka pa milandu mwaulere. Nkhani za ziphuphu zimapita ku Gabinete de Combate à Corrupção. Palinso Provedor de Justiça, amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a nzika pa zochita za maofesi a boma. Sindikulonjezani kuti dandaulo lililonse lidzayankhidwa msanga. Koma dandaulo limene silinaperekedwe siliyankhidwa n'komwe. Musapite nokha. Tengani mnzanu amene anaona zimene zinachitika.

Koposa zonse, musasiye mnzanu yekha. Tsiku lija tinalipo ambiri m'chapa. Tikanangonena tonse mofatsa kuti, "Mnyamatayu ali ndi talão, ife timudikira," mwina zinthu zikanasintha. Mayi mmodzi akanangoima pafupi ndi mnzake uja n'kumuphimbira katundu ndi chitenje, manyazi akanachepa. Kuumiriza munthu mmodzi n'kosavuta. Kuumiriza galimoto yonse imene ikuyang'ana ndi kulemba n'kovuta. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu ovala yunifolomu

Ndikudziwa kuti ena a inu mumawerenga tsamba lino. Ndinu ana athu, alongo athu, anzathu a kusukulu. Mumaima padzuwa tsiku lonse, ndipo ena mwa anzanu anafera pantchito. Ndakumanapo ndi apolisi amene anapereka moni, anayang'ana mapepala a galimoto, anatsitsa anthu opitirira muyeso, n'kutifunira ulendo wabwino. Palibe amene anadandaula. Malamulo Aakulu amati wapolisi amvere lamulo ndipo atumikire nzika mosakondera. Mukavula yunifolomu Loweruka, inunso mumakwera chapa. Mayi anu amakwera chapa. Musechereni mayi wa mnzanu monga mmene mungafunire kuti mayi anu asechedwe.

Kwa akuluakulu a chitetezo pempho langa n'lachidule. Malo osechera akhale odziwika. Aliyense wogwira ntchito pamenepo aoneke dzina. Pakhale chikwangwani cholembedwa m'Chipwitikizi ndi m'chinenero cha m'deralo, chonena zimene wokwera angafunsidwe ndi kumene angakadandaule. Pakhale wapolisi wamkazi. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri.

Mayi uja sindikudziwa dzina lake. Titakweranso m'galimoto anakhala pawindo, anayang'ana kunja ulendo wonse, ndipo sanayankhule ndi munthu. Mnyamata uja sindikudziwa kuti anafika liti kumene ankapita. Ine ndili nawo ngongole onse awiri. Sabata yamawa ndikweranso chapa pa msewu womwe uja. M'thumba la malaya ndaikamo BI, kope laling'ono ndi cholembera. Akadzati tsikani nonse, ndidzatsika. Koma ulendo uno ndidzapereka moni n'kufunsa kuti, "Pepani bwana, chifukwa chake n'chiyani?" Ngati mudzakhale m'galimoto imeneyo, ndikupemphani kuti mudzafunse nane.